Amene tinkasunsa naye m'mbale imodzi

Amayi a Mandasi (Kawale):
Mwaswera bwanji nonse apagulu. Pepani ndalemba usiku chonchi, tulo tandithawa. Mawa ndi Lachinayi Loyera, ndiye madzulo ano ndimawerengera ana nkhani ya mgonero womaliza pa Yohane 13. Nditafika pamene Yesu akusunsa nthongo n'kupatsa Yudasi, mawu anandithera pakhosi, ndinangotseka Baibulo n'kuwauza anawo kuti akagone.

Ambiri mukudziwa zimene zinatigwera ku banki m'khonde yathu mwezi wa Disembala. Tinalipo amayi 18 osawerengera msungichuma, tinkaponya Loweruka lililonse chaka chonse. Tsiku logawana tinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, ena ataphika kale mpunga, tikudikira msungichuma. Tinadikira mpaka dzuwa kulowa. Foni yozimitsa, pakhomo pake loko. Zanga zinali K240,000, za fizi ya mwana wanga wa Fomu 3 ndi feteleza wa amayi anga ku Mitundu.

Mayi ameneyu sanali mlendo kwa ine. Ndikubereka mwana wachiwiri ndi iyeyo amene ankandibweretsera phala kuchipatala. Pa maliro a bambo ake ndinagona kusiwa masiku atatu.

Tsopano wabwerera. Lamulungu lapitali anakhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni, palibe anamupatsa moni, ndipo potuluka anthu ankanong'onezana kuti Yudasi wabwera. Sindinama, nanenso ndinanong'ona nawo. Dzulo wanditumizira uthenga kuti ali ndi K60,000 akufuna andipatse pamanja, komanso akufuna tilankhule. Sindinamuyankhe. Yudasi naye anabweza ndalama, koma zinamuthandiza chiyani? Ine ndimulandirirenji ameneyu?

Atelala (Biwi):
Pepani kwambiri amayi. Ndalamazo landirani, ndi thukuta lanu, atumize pa foni. Koma zokhala naye pansi ayi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu woti anakumwetsani phala kuchipatala n'kudzadya fizi ya mwana yemweyo, mtima wake mwauona kale.

Achimwene a Kabaza:
Pepani mayi. Ine pa nkhani ya Yudasiyi ndili ndi funso limene landisowetsa mtendere chiyambire Sande sukulu. Yesu ankadziwa kuyambira pachiyambi. Kumapeto kwa Yohane 6 anachita kunena kuti mwa khumi ndi awiri aja mmodzi ndi mdierekezi. Nanga anamusankhiranji? Kuwonjezera apo n'kumusiyira thumba la ndalama, chonsecho Mateyu analipo, munthu woti anagwirapo ntchito yokhometsa msonkho, kuwerengera ankakudziwa. Ndipo ngati zinalembedwa kale kuti wina adzamupereka, Yudasi mlandu wake ndi wotani? Akanapanda iyeyo si bwenzi mtanda kulibe?

Akulu a Mpingo:
Mwana wanga, funso limenelo lidavutitsa anthu ophunzira kutiposa ife, ndiye ine ndiyankha pamene ndingafike. Tsegulani Luka 22:22. Vesi limodzi lomwelo lanena zinthu ziwiri: Mwana wa munthu akupita monga kudaikidwiratu, koma tsoka kwa munthu amene akumuperekayo. Yesu sadachotsepo chimodzi kuti chinacho chimveke bwino, nafenso tisachotsepo. Chimene ndikuona ine n'chakuti palibe adamugwira dzanja Yudasi. Pa Marko 14:10 adanyamuka yekha kupita kwa akulu a ansembe, sadamuitane. Pa Mateyu 26:15 ndi iyeyo adayamba kufunsa kuti mundipatsa chiyani ndikamupereka kwa inu. Mawu amenewo ndi a munthu amene akuchita malonda, akudziwa chimene akugulitsa.

Za thumba, Yohane 12:6 sadabise: adali wakuba, ankatapa zimene anthu ankaponyamo. Sadayambire pa kugulitsa Ambuye. Adayambira pa kutapa pang'onopang'ono anzake osadziwa, mpaka dzanja lidazolowera.

Amayi a Mandasi (Kawale):
Akulu, mwandilasa pamenepo. Bokosi lathu linali la maloko atatu, makiyi kwa amayi atatu osiyana, monga mmene amaphunzitsira. Koma tinatopa ndi zodikirana, wina kumaliro, wina kumsika, ndiye tinagwirizana kuti ndalama zizisungidwa pa foni. Foni yake, nambala yachinsinsi iye yekha. Mwezi wa Ogasiti ndinaona ndi maso angawa kuti watenga ngongole osalemba m'buku. Ndinakhala chete chifukwa anali mnzanga. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mpaka lero amayi anzanga sindinawauze zoti ndinaona.

Aphunzitsi Opuma (Area 36):
Moni nonse. Ndikufuna ndiikepo za mtengo umene Yudasi adagulitsira Yesu, chifukwa ana ambiri amene ndawaphunzitsa ankaganiza kuti Yudasi adalemera usiku umenewo. Ayi ndithu. Ndalama zasiliva 30 mukazifufuza m'Chipangano Chakale muzipeza pa Eksodo 21:32, ndi chipukuta misozi chimene munthu ankalipira ng'ombe yake ikagunda kapolo wa mnzake. Muzipezanso pa Zekariya 11:12-13, pamene mbusa adalipidwa zomwezo monyozedwa, n'kuziponya kwa woumba mbiya m'nyumba ya Yehova. Mwa olemba Uthenga Wabwino anayi aja ndi Mateyu yekha amene adatchula chiwerengerocho, Marko ndi Luka adangoti adamulonjeza ndalama.

Tsono yerekezani ndi zimene zidachitika masiku ochepa m'mbuyomo ku Betaniya. Mariya adatsanulira mafuta a nardo pa mapazi a Yesu, Yudasi n'kudandaula kuti akadagulitsidwa ndalama 300 zothandizira osauka. Ndalama imodzi ya mtundu umenewo adali malipiro a waganyu a tsiku lathunthu, onani fanizo la munda wamphesa pa Mateyu 20. Ndiye kuti mayi uja adatsanula malipiro a pafupifupi chaka chonse. Munthu wodziwa mitengo chonchi, wotha kununkhiza mafuta n'kunena mtengo wake, adagulitsa Mphunzitsi wake pa mtengo wa kapolo. Ine pamenepa ndi pamene ndimakayikira ngati udali umbombo wokha. Ena amati adakhumudwa poona kuti Yesu sakuthamangitsa Aroma, koma zimenezo n'zoganiza anthu, sizidalembedwe. Zolembedwa n'zakuti Satana adamulowa, pa Luka 22:3 ndi pa Yohane 13:27.

Achimwene a ku Sukulu ya Ubusa:
Zikomo aphunzitsi. Ndiwonjezere kanthu kakang'ono kamene tinakaona m'kalasi, ine kanandiopsa. Pa Mateyu 26, Yesu atanena kuti mmodzi wa inu adzandipereka, palibe amene analoza Yudasi chala. Aliyense anadzifunsa yekha kuti kodi ndine, Ambuye? Zaka zonse zimene anayenda naye, palibe ankamukayikira. Ngakhale pamene ankatuluka, Yohane akuti ena ankayesa kuti watumidwa kukagula zofunika pa chikondwerero kapena kukapereka kanthu kwa osauka. Koma taonani Mateyu 26:25. Anzake onse anati Ambuye, iye pofunsa anati Rabi. Ku Getsemane, pomupsompsona, anatinso Rabi. Kwa iye Yesu anathera pa uphunzitsi.

Amayi a Mphakati (Chilinde):
Ife mawa madzulo tili ndi Misa yosambitsa mapazi, ine ndikhala ku Maula. Chaka chilichonse ndimaona ansembe atagwada ndi beseni ndi thaulo, koma anthu amene amasankhidwa amabwera atasamba kale, zidendene atakwecha. Mapazi amene Yesu anasambitsa sanali otero. Ganizirani mapazi a munthu amene wayenda wapansi kuchoka kwa Chinsapo kufika kumsika waukulu nthawi ya matope, atavala patapata. Ndipo Yudasi anali pamzere womwewo, sanatuluke mpaka pa Yohane 13:30. Yesu anagwira phazi lake, n'kulitsuka, n'kulipukuta, akudziwa bwinobwino kumene phazi limenelo lichoke n'kupita. Kenako n'kumupatsa nthongo ndi dzanja lake. Pamene ankamugwira kumunda kuja anamutchulabe kuti bwenzi.

Sindikunena kuti n'zapafupi, amayi. Ine ndemwe pali mlamu wanga amene sitinalankhulane zaka zinayi chifukwa cha malo a ku Area 49. Ndikungonena zimene zandigwira mtima powerenga.

Atelala (Biwi):
Koma Yesu yemweyo anati kukanakhala bwino munthu ameneyo akanapanda kubadwa. Tisamaiwale zimenezo. Komanso ndifunse nawo, pa Facebook pakuyenda vidiyo yoti pali Uthenga Wabwino wa Yudasi umene azungu anabisa, wonena kuti Yesu anachita kumutuma. Zoona zimenezi?

Achimwene a ku Sukulu ya Ubusa:
Bukulo lilipodi bambo, koma palibe analibisa. Linapezeka ku Egypt cha m'ma 1970, lolembedwa m'chinenero cha Chikoputiki, ndipo a National Geographic analitulutsa poyera mu 2006. Sanalembe Yudasi, linalembedwa iye atafa kalekale, ndi gulu limene linkaphunzitsa kuti chipulumutso chimabwera ndi nzeru zachinsinsi. Irenaeus, bishopu wa ku Lyon, anatchulapo kale buku la dzina limeneli cha m'ma 180 n'kulikana. Ndiye mpingo unalidziwa kuyambira kale.

Achimwene a Kabaza:
Nanga imfa yake? Mateyu akuti anadzipachika, Machitidwe akuti anagwa chamutu n'kuphulika. Tigwire ziti?

Achimwene a ku Sukulu ya Ubusa:
Akale ena ankaziphatikiza, amati china chinatsatira chinzake. Chimene onse awiri akugwirizana n'chakuti ndalama zija zinathera pa munda umene anthu a ku Yerusalemu anautcha Munda wa Mwazi, Akeldama. Koma tisasochere, funso la amayi lija silinayankhidwe.

Anamwino (Area 23):
Ndinali pa ntchito, ndangofika kumene, ndawerenga zonse kuyambira pamwamba. Ndimafuna ndikhale chete koma mtima wakana.

Amayi, mwafunsa kuti kubweza ndalama kunamuthandiza chiyani Yudasi. Tiyeni tiwerenge bwino Mateyu 27:3-5, tione kuti anazibweza kwa ndani, ndipo anamuyankha chiyani. Ataona kuti Yesu waweruzidwa, anamva chisoni, ananyamula ndalama zonse 30 osachotsapo, n'kupita kwa akulu a ansembe. Anavomera ndi pakamwa pake kuti ndachimwa, ndapereka mwazi wosalakwa. Tsiku limenelo mwa ophunzira onse amene anathawa, palibe wina amene tikumuwerenga akuima pamaso pa akuluakulu kunena kuti Yesu ndi wosalakwa. Ndipo anapita kwa anthu amene ntchito yawo inali yomweyo, yolandira munthu wochimwa ndi nsembe yake. Iwo anamuyankha kuti ife zitikhudza bwanji, udzionere wekha. Atatuluka, nkhawa yawo inali pa ndalama, kuti kodi n'zololedwa kuziika mosungira chuma cha Kachisi. Anakhala pansi kukambirana za ndalamazo. Za munthu uja palibe anafunsa kuti walowera kuti.

Ine mawu amenewo ndinawalankhulapo. Mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga, anatenga ngongole ya katapila, ndipo pofuna kuibweza anadya ndalama za kuntchito kwake, kenako anagulitsa njinga yamoto imene ndinamugulira ine ndi ngongole yanga. Banja lonse tinamutembenukira. Usiku wina mwezi wa Febuluwale, kukugwa mvula, anabwera kudzagogoda. Sindinatsegule chitseko, ndinangosuntha katani. Anali atanyowa yense, atanyamula kajumbo kakuda, mpaka lero sindidziwa munali chiyani. Anati achemwali, ndalakwa, ndimafuna tingolankhula. Ine ndinati mwazichita nokha, mudzionere nokha. Ndinatseka katani. Patapita masiku awiri tinalandira uthenga kuti wadzipha.

Papita zaka zitatu. Njinga ija ngongole yake ndinamaliza kubweza. Sindikunena kuti iye sanalakwe, analakwa kwambiri. Koma ndikamawerenga chaputala chimenechi, sindidziona pa malo a Yesu woperekedwa monga ndinkachitira kale. Ndimadziona ndili m'Kachisi muja, ndikuyankha.

Amayi, munthu amene mpingo wonse ukumutcha Yudasi, amene akukhala pa benchi yakumbuyo n'kutuluka popanda womupatsa moni, ndiye wasankha inuyo kuti akuuzeni kuti tilankhule. Chonde musamusiye usiku wachiwiri osamuyankha.

Amayi a Mphakati (Chilinde):
Pepani achemwali. Pepani ndithu. Sitinkadziwa kuti mwasenza zimenezi nokha nthawi yonseyi.

Achimwene a Kabaza:
Pepani mayi. Ndasowa chonena.

Akulu a Mpingo:
Mwana wanga, zikomo potikhulupirira ndi nkhani yowawa chonchi. Mudalankhula muli ndi bala, simudadziwe zimene zidali mumtima mwake, ndiye musadziweruze ngati mudali Mulungu wodziwa za mawa. Ndidzabwera kudzakuonani pamodzi ndi amayi akunyumba sabata ikubwerayi, izi si zomalizira pa foni.

Ndionjezere za Petro, chifukwa usiku umenewo adagwa ndi anthu awiri. Petro adakana katatu, kachitatuko mochita kulumbira ndi kutemberera kuti munthuyo sindimudziwa. Tambala atalira, Luka akuti Ambuye adapotoloka n'kumuyang'ana, iye adatuluka n'kukalira kwambiri. Onse awiri adamva chisoni. Koma Lamulungu m'mamawa Mariya wa Magadala atathamanga kuchokera kumanda, Petro adamupeza ali ndi wophunzira mnzake. Sadali yekha. Padali pakhomo pamene adagogoda ndipo adamutsegulira, ngakhale adali atachita zamanyazi.

Ndipo pali kanthu kamene ndimakakonda kwa Yohane. Petro adakana Ambuye akuotha moto wamakala pabwalo la mkulu wa ansembe, 18:18. Pa 21:9, m'mbali mwa nyanja ya Tiberiya, Yesu adasonkhanso moto wamakala, nsomba zili pamoto, mkate uli pambali. Inu nonse mumadziwa fungo la mbaula m'mawa wa Juni. Petro adamva fungo lomwe lija la usiku umene adagwa, koma ulendo uno adapatsidwa chakudya kaye, kenako n'kufunsidwa katatu ngati amamukonda. Yudasi sadadikire kufika Lamulungu.

Aphunzitsi Opuma (Area 36):
Komabe tisawathamangitse amayiwa ngati kuti kuwawa kwawo n'kosayenera. Baibulo lenilenilo limalira kulira kumeneku. Salmo 41:9, limene Yesu adalitchula patebulo paja, likunena za bwenzi lodalirika, lodya nawo mkate, limene lidakweza chidendene. Salmo 55 likupitirira: akadakhala mdani ndikadapirira, koma ndiwe mnzanga, tinkapitira limodzi ku nyumba ya Mulungu. Davide adaziona kwa Ahitofeli, phungu wake, amene adapita mbali ya Abisalomu, ndipo mathero ake pa 2 Samueli 17:23 ndi ofanana ndi a Yudasi. Wakuba wothyola zenera amatenga katundu yekha. Uyu adatenga ndalama, n'kutenganso zaka zonse za ubwenzi, moti amayiwa akakumbukira phala lija sakudziwa ngati lidali lachikondi kapena ayi. Zimenezo sizipola ndi K60,000.

Atelala (Biwi):
Anamwino, nkhani yanu yandifooketsa, pepani. Ndabweza mawu anga oti asakumane naye. Koma pa chimodzi sindisuntha. Kukhululuka si kumubwezera thumba. Atumwi aja atasonkhana, anthu pafupifupi 120, anati udindo wake autenge wina, ndipo maere anagwera Matiya. Ndiponso pali amayi ena 17 amene anadyeredwa, ena mwa iwo makasitomala anga, wina mpaka anasiyitsa mwana sukulu. Asabwere kudzagula mtendere kwa munthu mmodzi ndi K60,000 enawo n'kuwaiwala. Zakeyu atalapa anatchula zobweza, sanangolira.

Akulu a Mpingo:
Pamenepo mwanena zoona bambo, palibe akutsutsa. Ngongole ilembedwe yonse, dzina ndi dzina, pamaso pa mboni, ngati n'kotheka amfumu a m'dera akhalepo, ndipo anene yekha kuti azibweza motani mwezi ndi mwezi. Mlandu suola. Koma zimenezo zimakambidwa ndi munthu wamoyo amene wakhala pamphasa.

Ndipo amayi, za Ogasiti zija mudzawauze anzanu. Zidzakuwawani tsiku limodzi, koma mukazisunga zidzakudyani.

Amayi a Mandasi (Kawale):
Ndakhala ndikuwerenga ndikulira, ana asamve. Anamwino, mchemwali wanga, sindidziwa ndikuthokozeni bwanji.

Ndamuyankha. Ndangolemba kuti ndamva, tionana mawa. Sipanathe ndi mphindi imodzi yomwe, wayankha kuti zikomo, zikomo, zikomo, katatu. Nthawi ino ndi 11:40 usiku, ndiye kuti nayenso anali maso, foni ili m'manja.

Musandiyese woyera. Mtima ukuwawabe, ndipo sindikudziwa ngati mawa pakamwa panga padzatuluke mawu oti ndakukhululukira. Mwina ndidzangokhala chete n'kumumvera. Ndalamazo sindidzalandira ndekha, zidzalowe m'buku la gulu kuti tigawane tonse 18, ngakhale aliyense apeze zochepa. Loweruka ndidzawaitana amayi anzanga pansi pa mango paja, ndidzayambe ndine kunena zimene ndinaona.

Anamwino (Area 23):
Mukakafika mukamufunse ngati akudya ndi kugona, komanso mukamufunse mosazungulira ngati anaganizapo zodzipha. Musaope, kufunsa sikumupatsa maganizowo. Akakavomera musakamusiye yekha, mundiimbire nthawi yomweyo, ndili pa ofu mawa ndipo ndidzamuperekeza kuchipatala ndekha.

Amayi a Mphakati (Chilinde):
Ine Misa ndi yamadzulo, m'mawa ndilibe chochita. Ndikuperekezani.

Amayi a Mandasi (Kawale):
Zikomo amayi. Ufa ndakanda kale, ndidzuka 4 koloko kukazinga, pofika 9 ndidzakhala nditagulitsa. Akulu, ngati mungathe mudzafikire kunyumba kwanga cha m'ma 10 tidzapitire limodzi. Akukhala kwa mchemwali wake ku Mchesi, kuseri kwa akalipentala. Achimwene a kabaza, mudzawatenge akuluwa, mwendo wawo uja sangayende mtunda wonsewo.

Achimwene a Kabaza:
Ndidzafika 9:30 mayi, ndipo musadzandilipire.